Lipenga lochedwa la Teódulo

Nicanor Yescas anaphunzira kuimba lipenga kumudzi kwawo, m'mapiri a Oaxaca, limodzi ndi mkulu wake Teódulo. Ankaimba pa maukwati, pa maliro ndi pa zikondwerero za oyera. Teódulo ankalowa nyimbo mochedwa pang'ono nthawi zonse, ndipo akamudzudzula ankangoseka.

"Ukuthamangira kuti, mng'ono wanga? Woyerayu ndi chosema chamtengo, sathawa ayi."

Atakula, Nicanor analembedwa ntchito mumzinda, m'gulu lalikulu la oimba, la mavayolini ndi majekete akuda. Teódulo anatsala kumudzi ndi munda wa khofi.

Chaka china mu Seputembala, gululo likukonzekera chikondwerero cha ufulu wa dziko, uthenga unabwera woti Teódulo wagona ndi chibayo. Nyimbo yaikulu ya tsikulo inali yoluka kuchokera ku magule a kumidzi, ndipo pakati pake panali malo oti lipenga la Nicanor lilire lokha. Iye anati apita kumudzi Lamlungu, tsiku la chikondwererolo, likadutsa. Lamlungulo anthu anamuombera m'manja ataimirira. Lolemba atafika kumudzi, anapeza kuti mkulu wake anaikidwa m'manda Loweruka.

Chaka chotsatira, akuyeserera nyimbo yomweyo, Nicanor anamva lipenga lina kumbuyo kwake, likumutsatira mochedwa pang'ono. Anacheuka. Kunali khoma lokhalokha.

Pa nthawi yopuma anafunsa mnzake woimba ng'oma. "A Fulgencio, simunamve kanthu kumbuyoku?"

"Ndamva inuyo mukukwawa ngati bulu wosenza makala," anayankha Fulgencio. "Kapena mwayamba kulawa kachasu wa mezcal m'mawa?"

Nicanor sankamwa. Chabe kuti akafika pamalo paja, mtima sunkamulola kusiya mkulu wake m'mbuyo, ndiye ankamudikira. Wotsogolera gulu anamuchenjeza zaka zitatu, kenaka anapereka malowo kwa mayi wina wa ku Puebla. Nicanor sanatsutse n'komwe.

Anabwerera kumudzi ndi mkazi wake Eustolia, nalowanso gulu lakale la oimba a kumudziko. Ankayembekeza kuti kumeneko, pafupi ndi manda, lipengalo limveka bwino koposa. Silinamvekenso ngakhale kamodzi. Izi zinamupweteka kuposa kuchotsedwa mumzinda.

Tsopano mano anatha, saimbanso. Eustolia akuti mu Seputembala wailesi ikaika nyimbo ija, mwamuna wake amasiya khofi wake kuti azizire, n'kusendera kumapeto kwa benchi, kusiya malo a munthu mmodzi.