Kalata m'thumba la siketi

Fungo la nsalu yopserera ndi simbi lero landibwezera ku Area 4, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Amayi ankasita yunifolomu yanga, ndipo m'thumba la siketi anapezamo kalata imene mnyamata wina anandilembera. Sanandiitane. Anasiya simbi pasiketi pomwepo n'kuthamangira kumpanda kukaitana mayi woyandikana nafe. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko, mtima uli thithithi.

"Aneba, mwana wanu uja atayamba zimenezi, munatani naye?"

"Ndinamukwapula, anzanga. Anathawa, mpaka lero sindidziwa kumene amagona."

Amayi anabwerera m'nyumba, siketi ikufuka utsi. Anaipinda bwinobwino kalata ija n'kuibwezera m'thumba.