Diso lamanja la a Eneya

A Eneya anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo pa Mchinji boma. Kampani yoyala chingwe cha intaneti cholowera kumalire itafika, anapeza ganyu yokumba ngalande. Mabwana ataona kuti zala zawo sizinjenjemera, anawaphunzitsa kulumikiza chingwe chikaduka. M'chingwemo mumakhala timaulusi tagalasi, topyapyala ngati tsitsi, momwe mumadutsa kuwala. Kaulusi kakaduka, amasadza nsonga zonse ziwiri n'kuziika m'makina ozitenthetsa, kuti galasilo lisungunuke pang'ono ndipo nsongazo zigwirane.

Koma munthu wa mawailesi sakhulupirira chinthu asanachione ndi maso. Tsiku lina a Eneya anasuzumira kunsonga ya kaulusi kuti aone ngati kuwala kukubwera, chikhalirecho mabwana anali atawachenjeza kuti kuwala kumeneko sikuoneka koma kumaotcha. Sanamve kuwawa. Posakhalitsa, pakati pa diso lamanja panakhala banga lakuda losachoka. Anauza akazi awo, a Felista, basi, chifukwa kampani ikanadziwa, ntchito ikanathera pomwepo. Kuyambira apo ankagwira ntchito mtima uli m'mwamba.

Chilimwe chino, okumba mbewa anadula chingwe ndi khasu cha ku Kachebere. Mwatsoka, Mayi Consolata, oyang'anira ntchito ochokera ku Lilongwe, anati apite ndi a Eneya kokalumikizako akaone okha. Atafika, mayiwo anaima kumbuyo kwawo, ndipo a Eneya anachita mantha zedi. Ulendo woyamba anaphonya kampata ka m'makina koikamo kaulusi, nsonga n'kuthyoka. Anasadzanso, n'kuphonyanso. Chingwe chotsala chinkafupika, thukuta likuyenderera m'khosi.

"Fumbi lachuluka lero, mayi," anatero a Eneya, osacheuka.

"Eya, lachulukadi."

Anapendeketsa mutu, diso lamanzere patsogolo ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, n'kugwira mpweya. Kaulusi kanakhala m'malo mwake. Makina analira, ndipo a ku ofesi anaimba foni kuti intaneti yabwerera.

"Mwagwira ntchito, bambo. Imwani madzi," anatero Mayi Consolata, akuwapatsira botolo.

A Eneya anamwetulira, mtima utakhala pansi. Anatambasula dzanja mwachangu n'kufumbata mphepo, botolo lili pambali pa zala zawo. Anayesanso msanga, koma mayiwo anali atabweza kale dzanja, akuwayang'anitsitsa kumaso.

"A Eneya," anafunsa chapansipansi, "zayamba liti?"