Chimbalame chija sichinadzuke

Chisomo mwana wanga, katuni ija unkandionetsa pa foni yako, ya kamtsikana kouluka pamsana pa chimbalame chamoto, atulutsa yachiwiri. Ine Chizungu sindimva, ndiye iwe unkandimasulira tikuswa nshawa pakhonde kuno ku Sinda. Tsiku limene chimbalamecho chinalasidwa ndi muvi ndinalira ngati kamwana. Iwe unandipukuta misozi ndi chitenje uku ukuseka, nkunena kuti, "Amama, sichinafe ichi, chagona chabe. Chidzadzuka mu yachiwiri."

Yachiwiriyo ndaonera yonse ndekha, pa foni yako yomwe ija. Anzako akuti yaposa yoyamba, eti zithunzi nzowala, nkhondo nzambiri. Kwa ine nzopanda mchere. Kamtsikana kaja kakula, kakuyenda pansi ngati ife tomwe, ndipo palibe wondiuza chimene kakunena. Ndadikira mpaka kumapeto, chimbalame osadzuka. Unandinamiza, mwana iwe, ndipo ndakwiya nawe kwambiri. Chaka chatha mwezi ngati uno, titaima pamanda ako, abusa ananenanso mawu omwewo, akuti wagona chabe. Ndikudikirabe, Chisomo. Abusawo asayerekeze kundinamiza.