Fisi wa pa Jenda

Pa Jenda, kuseri kwa magolosale, panali nyumba yoonetsera vidiyo, ndipo mfumu yake inali Yotam Nyirenda. Ntchito yake inali kuima pambali pa kanema, maikolofoni kumanja, n'kumamasulira mafilimu achizungu. Tinene zoona, Chingerezi chake chinathera Fomu 2. Zimene sanamve ankangoikapo zake, ndipo zakezo zinkakoma kuposa za eni filimu.

Ankakonda mafilimu a zilombo za m'tauni: anamapopa ovala masuti, oyenda pa galimoto zakuda, ndi adani awo, anthu omera ubweya mwezi ukakhala wathunthu. Chilombo chimenecho kuno kulibe, choncho Yotam ankangoti fisi. Chimene anthu ankamukondera kwambiri n'chakuti aliyense wa mufilimu ankamupatsa dzina la munthu amene wakhala pabenchi momwemo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina masana mvula inalowetsa mdala wina wandevu, ndodo m'manja, ndipo wina anamupatsa moni kuti a Malizani. Nthawi yomweyo munthu wa pakanema anayamba kumera ubweya. Pakamwa pa Yotam panayabwa, ndipo analengeza kuti a Malizani asanduka, aliyense akatsekere mbuzi zake. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mdalayo anatuluka mvula isanakate.

Tsono Yotam anali atatuma kale thenga, mkulu woyenda pakati pa mabanja awiri, kupita ku Edingeni kukafunsira Felesta, mtsikana wosoka zovala pakhonde la sitolo ina. Monga mwa mwambo, iye mwini anali asanapondeko kwa apongozi, moti nkhope yawo sankaidziwa. Lolemba Felesta anamuuza, maso ali pa makina, kuti fisi uja ndi bambo ake. Kumsika wa ng'ombe anthu anali atayamba kuwalirira ngati fisi akangodutsa, ndipo thenga anali atabwezedwa.

Yotam anachita mantha enieni, chifukwa ankamukonda Felesta ndi mtima wonse. Anatumiza thenga kukapepesa. Yankho linali lalifupi: mdala abweranso Loweruka, akufuna aone mmene nkhani yake ithere. Koma Yotam ankadziwa kuti kumapeto kwa filimuyo fisiyo amawomberedwa.

Tsikulo nyumba inadzaza, ena kusuzumira pawindo. A Malizani anakhala benchi yakutsogolo, ndodo pakati pa miyendo. Yotam anagwira ntchito kuposa masiku onse. Fisi anasanduka mkulu wolemekezeka, woteteza ana kwa anamapopa. Akagwetsa khoma, Yotam ankati linali lomangidwa mwachinyengo. Akaluma munthu, ankati akumulangiza.

Kenako mfuti inalira. Fisi anagwa, ubweya unatha, mayi wina n'kugwada pambali akulira. Maso onse anatembenukira kwa Yotam.

"A Malizani sanafe," anatero, thukuta lili kamukamu. "Atopa chomene, mbwenu akupumula. Amamawo akulira ndi chimwemwe."

Filimu sinamumvere chisoni. Inaonetsa bokosi la maliro, anthu ovala zakuda atalizungulira.

"Kunja olemera amagona mmenemo," anatero Yotam, "kuopa udzudzu."

Palibe analimba mtima kuseka mpaka mapewa a mdala atayamba kugwedezeka. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kupukuta misozi ndi chipewa.

"Bodza ndalimva lambiri pamsika wa ng'ombe, koma lako laposa," anatero. "Umuuze thenga abwere. Munthu wondikaniza kufa bokosi likuoneka, ameneyo ndi mwana wanga."

Yotam ananjuta pansi, n'kuiwala kuti maikolofoni akadali kukamwa, moti "yewo adada" yake inamveka mpaka pamsewu.

Pano iye ndi Felesta ali ndi ana atatu. Anamapopa amafabe Loweruka lililonse, koma kuyambira tsiku lija palibe fisi anaferapo pa Jenda. Onse amangopumula.