Makatani a Matumba a Ufa

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Eneles wa ku Tafara, lokeshoni ina ya kudziko la eni kumene anthu akwathu ankapita kukagwira ntchito. Ine ndikamukumbukira ndimachita manyazi ndi timadandaulo tanga.

Mu Okutobala 1976, patangotha miyezi itatu chimwalirire mwamuna wake, Eneles anatulutsidwa m'nyumba ya mulokeshoni, poti nyumbayo inali m'dzina la malemuyo. Anapeza kachipinda kalendi kuseri kwa nyumba ya eni, n'kulowamo ndi mwana wake Febbie wa zaka zisanu ndi zinayi. Pawindo anakhomapo bulangete lakale. Dzuwa la mwezi umenewo likawomba padenga, m'katimo munkatentha ngati mu uvuni.

Mchimwene wake Lawson, kapitawo pafamu ya fodya, atabwera kudzamuona anangoima pakhomo.

"Mlongo, muno si mokhala mwana. Ndibweranso pa Khirisimasi. Ndikadzapeza zili chonchi, Febbie ndidzapita naye."

Amalume akalankhula, alankhula. Koma Eneles ankadziwa kuti kufamuko mtsikana amasiya pensulo n'kugwira fodya, ndiponso nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo inali itafika kale kumeneko.

Nyengo yotentha ikayamba, amayi a mulokeshoni anali ndi mwambo wawo. Ankatsitsa nsalu zolemera za m'chisanu n'kupachika makatani opepuka olowetsa mphepo. Ankadula nyuzipepala mokongoletsa n'kuyala m'mashelefu, khonde n'kulipaka polishi wofiira. Koma zaka zimenezo mayiko anali atatsekera dzikolo malonda, nsalu yabwino sinali ya aliyense. Eneles anapempha pagolosale matumba anayi a ufa, ansalu yoyera aja, n'kuwachapa mpaka zala kusupuka. Atauma, chithunzi cha chimanga ndi zilembo zake zinaoneka kuti zafufutika. Anasoka pamanja, n'kupachika, n'kuitana anzake.

Kalanga ine, anaiwala chinthu chimodzi: kuyang'ana nsaluyo padzuwa. Alendo atangokhala pansi, kuwala kunadutsa pawindo, chimanga chonse mbee, ndi manambala a kulemera kwa thumba omwe.

"Nhai amayi a Febbie," anatero mayi Iris, mwini nyumba, "mwatsegula chigayo kodi?"

Anaseka mpaka misozi. Pofika madzulo, mzere wonse wa nyumba unkati kachipindako ndi kwa Chigayo.

Eneles anazula makataniwo n'kuwaponya panja. Amene anawatola ndi mayi Natalia, mayi wachikulire wa ku Tete wogulitsa tomato pamsewu. Anatambasula imodzi padzuwa n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, amene anajambula chimangachi anali ndi dzanja. Ukulimbana n'kufufuta chifukwa chiyani? Tsatira mzere wake ndi singano."

Ulusi Eneles analibe. Chimene anali nacho ndi juzi ya mwamuna wake, yachikasu yamizere yobiriwira, chinthu chokhacho chimene anakana kugawa pamaliro. Anaifungatira kaye, kenako anayamba kuimasula akulira. Wachikasu unakhala njere za chimanga. Wobiriwira unakhala masamba, n'kuphimba zilembo ndi manambala aja. Anapeta masabata asanu ndi awiri, atakhala pamthunzi pambali pa tomato wa mayi Natalia, odutsa akufunsa ngati ufa watsika mtengo.

Pa Khirisimasi Lawson anafika monga ananenera. Febbie anali atamanga kale kamtolo ka zovala zake, atakhala pakona. Mvula inali itangokata, kamphepo kakukupiza makatani, chimanga chikuwala pawindo. Lawson anakhala pansi n'kuyang'ana pawindopo. Kenako anadzuka n'kugwira nsaluyo.

"Ulusiwu ndikuudziwa."

"Ndi juzi ya alamu anu, achimwene."

Lawson anavula chipewa. Anayang'ana mashelefu, anayang'ana pansi popakidwa bwino, n'kutembenukira kwa mwana uja.

"Febbie, masula kamtoloko. Sukulu ikatsegula ndikufuna kumva kuti wakhoza."

Mukudziwa amene anali woyamba kubwera ndi matumba ake? Mayi Iris omwe aja, nkhope ili gwa ngati sanasekepo. Chilimwe chotsatira Tafara yense anapachika chimanga. Kenako Eneles anayamba kujambula yekha, chaka china mpendadzuwa, china mapichesi. Pofika 1979 anali ndi tebulo lake pamsika wa Machipisa, ndipo kukangoyamba kutentha amayi ankamuzinga: "Mayi Chigayo, chaka chino mwatulutsa chiyani?" Dzina lachipongwe lija analisandutsa lamalonda.

Mpaka ukalamba wake ankati, "Mulungu anandilankhula kudzera mwa wogulitsa tomato." Nanenso ndimathokoza, chifukwa Febbie uja anamaliza sukulu n'kukhala mphunzitsi, ndipo ndi iye amene anandigwira dzanja polemba dzina langa koyamba.

Mwina nanunso muli ndi chimene mwachapa n'kuchapa koma sichikufufutika, anthu akuseka. Musachitaye kudzala. Chitambasuleni padzuwa, muchiyang'anenso bwino, mutenge singano. Osataya mtima, abale anga: Febbie sanapite kufamu.