Thanki Ikakhala Chete

Azakhali anga akalambira m'nyumba ya mapampu a madzi, chipinda chaphokoso chonunkha girizi. Mpaka pano akamalankhula amakuwa ngati muli kutsidya kwa msewu.

Ntchito yawo ndi kudzaza thanki yomwe ili paphiri. Pathankipo pali kachipangizo kotumiza uthenga, koma anakapanga kosakonda kulankhula kuti batire lisathe msanga. Kamatumiza uthenga pokhapokha madzi akatsika kupyola mzere, ndipo uthengawo ukafika pampu imayaka yokha. Vuto n'lakuti netiweki ya kuphiriko ndi yosadalirika. Mvula ikangoti waa, uthenga umasochera m'njira. Tsiku lina, akadali atsopano pantchito, thanki inauma gwa iwo atakhala phee, akuganiza kuti zonse zili bwino. Anthu a m'dera lonselo anawasambitsa chokweza.

Kuyambira pamenepo, thanki ikakhala chete nthawi yaitali, amamanga nsapato n'kukwera phiri kukaona okha. "Kukhala chete kuli pawiri, mwanawe," amatero. "Kulipo kwa munthu wokhuta, kuliponso kwa munthu wokomoka."

Ife kwathu tinali ngati kachipangizoko. Nditapeza ntchito n'kukachita lendi kachipinda kutali ndi kwathu, bambo anati, "Uziimba pakakhala vuto, osamangoimba zilizonse." Ndinamvera ndi mtima wonse, poti ulesi woimba ndinali nawo kale.

Kenako malungo anandigwetsa. Ndinalembera bambo uthenga woti sindili bwino, koma sunapite. Foni inazima, ine mphamvu zodzuka ndinalibe. Kunyumba ankangoti mwana ali bwino, pakanakhala vuto akanaimba. Ndinagona pasimenti kukhosi kuli gwa, ndikumva anthu akudutsa panja, koma mawu osatuluka. Ndinachita mantha kwambiri kuti ndifera momwemo.

Ndiye ndinangomva gu! gu! gu! pachitseko.

"Iwe! Tsegula, usandithyoletse chitseko cha eni ake!"

Anali azakhali. Anathyoladi, ndi sipanala yomwe sichoka m'chikwama mwawo, n'kundibereka ngati khanda, ine ndevu pepeya. Moyo ndili nawowu ndimathokoza iwo, ndipo sindichita manyazi kunena, ngakhale kuti chitsekocho ndinakonza ndekha iwo akundiseka kuti sinditha kugwira hamala.

Kuchipatala bambo anafika akupuma wefuwefu, maso ali gwa pa ine. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achemwali, kodi inu anakuuzani ndani kuti mwanayu akudwala?"

Azakhali anandifunditsa bulangete kaye, kenako anayankha, ulendo uno osakuwa.

"Palibe anandiuza, achimwene. N'chifukwa chake ndinanyamuka."