Mwala umene ndinauswera pa mwendo wa alamu anga

Izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, ndinalipo ndipo hamala inali m'manja mwangamu, ndiye amene akuti ndikunama abwere kuno mbali ya Kabudula ndidzamuonetse mwini wake, alipo, akupuma. Maina sinditchula, osati kuti ndikuopa munthu, koma mayi a kunyumba anandiletsa poti wovulalayo ndi mchimwene wawo.

Ine ndine woswa miyala, sukulu ndinalekera sitandade 4. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ndi alamu angawo, amene anatopa ndi utenanti wa fodya ku esiteti n'kubwera kudzakhala pathu. Munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, woti aliyense wovala nsapato zopolisha akalankhula iwo ndi inde bwana basi, zimene anaphunzira ku esitetiko.

Mwina simudziwa mmene timachotsera miyala yafulati ija anthu a m'tauni amayala pakhonde ndi kumata m'makoma. Kwale wa konkire timangoswa ndi hamala, koma yafulatiyi timasonkha moto wa matayala akutha ndi zitsa pathanthwe, likapsa limasendeka ngati khungwa la mtengo, ndiye timalowetsa mgwala, chitsulo chachitali chija, n'kukanula. Lamulo lake ngakhale chidakwa chimalidziwa: ukatentha umadikira masiku awiri kuti lizizire lokha, suthira madzi, ndipo sulowa kunsi kwake.

Ndiye kunabwera bwana wina wa m'tauni amene amamanga nyumba, akuti akufuna mwala umodzi waukulu kuposa chitseko, wosasweka, woti apange tebulo lapanja lomwera tiyi ndi alendo ake. Analoza yekha pamene thanthwe linatulukira ngati khonde, pamwamba pa dzenje limene tinkakumbamo. Tinatentha Lachiwiri madzulo. Lachitatu cha m'ma 10 tangoona lole yafika, iyeyo ali kutsogolo, akuti amisiri ake akudikira ndipo sangabwerenso kawiri kutchire kuno. Ndinamuuza kuti mwalawo ukadali wa moto, abwere Lachisanu. Anaseka, akuti anyamata inu ulesi, mungothira madzi usweke msanga. Anyamata! Ine wa ana asanu, alamu anga a imvi m'ndevu.

Apa ndiye pamene ndimadzida ine mwini. Ndinatukwana chamumtima koma madzi ndinathira, zidebe zinayi. Thanthwe linalira kuti tha, tha, nthunzi kuti fuu, mng'alu n'kuyenda bwinobwino mmene amafunira, koma mwalawo sunagwe. Unangolendewera, wagwira mbali imodzi yokha. Ine ndinati tikwere pamwamba tiukanule ndi mgwala ugwe wokha. Bwana uja anakana, akuti ukagwera pa miyala ya m'dzenjemo usweka, wina alowe kaye ayale matayala ndi udzu kuti ufikire pofewa. Kodi munamvapo zoterozo, kuyalira mwala mphasa? Ndinamuuza kuti ine sindilowa, alowe yekha. Anatembenukira kwa alamu anga n'kuwatchula kuti madala, akuti inu ndinu omvetsa zinthu, ndi mphindi ziwiri zokha. Alamu anavula chipewa, inde bwana, n'kutsika. Ndipo ine, m'malo mowagwira malaya, ndinayamba kuwaponyera matayala kuti amalize msanga.

Tayala lachitatu ali nalo m'manja, ndinamva kuti tha kamodzi kokha, pang'onopang'ono ngati munthu wathyola kamtengo. Kenako fumbi. Litachepa fumbi lija ndinaona mutu ndi chifuwa cha alamu zili kunja, kuyambira m'chiuno kutsika zili pansi pa mwala. Matayala awiri amene anayala aja ndi amene anautchinga mbali imodzi, kupanda apo bwenzi ndikukuuzani za maliro. Mwendo wakumanzere unali ndi mpata, wakumanja unapanikizika pabondo.

Sanakuwe poyamba, anangondiyang'ana n'kunena kuti alamu, ukuotcha. Ndinali nditaiwala kuti mwalawo ndi wa moto. Ndinaugwira ndi dzanja n'kulichotsa msanga, ndiye taganizani munthu amene mwalawo uli pa ntchafu yake. Fungo linayamba kumveka, la buluku kaye, kenako lina limene sindikufuna kulitchula, mpaka lero ndikadutsa pamene akuwamba mbewa ndimalavula. Madzi tinali titamaliza kuthira thanthwe lija, mtsinje uli kutali. Tinayesa kunyamula ine, dalaivala wa lole ndi amayi awiri amene ankaswa kwale chapafupi, koma unangogwedera, alamu n'kukuwa. Mgwala unkangolowa m'dothi.

Ndinathamangira hamala yathu yaikulu. Mukudziwa zimene ananena bwana uja? Anandigwira mkono, akuti ndisauswe, dalaivala abweretse jeke tiukweze bwinobwino, munthu atuluka ndipo mwala upulumuka. Dalaivala anayesadi, koma jeke inkangomira mumchenga ndi phulusa, akuti tifune thabwa, thabwa lichokera kuti paphiri? Uku munthu akupsa. Ndinamuuza bwanayo kuti akandigwiranso hamala iyamba ndi mutu wake, ndipo anaona m'maso mwanga kuti sindikuseka, anabwerera m'mbuyo.

Koma abale, kuswa mwala umene uli pa munthu! Nkhonya iliyonse ya hamala imatsikira pa iye. Ndinaima nditakweza hamala, sindikutha kumenya. Alamu anga ofatsa aja ndi amene anandikalipira, koyamba chibadwire, akuti menya iwe, ukudikira kuti ndipse ndithe? Ndinamenya kumphepete, kutali ndi bondo. Anakuwa. Ndinamenyanso, anaitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Kachitatu mwala unangotulutsa fumbi. Ndinadziwa kuti kumphepete sikuthandiza, pofunika ndi pakati, ndipo pakatipo ndi pamene panali bondo. Amayi aja anatembenuka kuyang'ana kumbali. Ndinamenya. Ndinamva kulira kuwiri, kwa mwala ndi kwina kwa pansi pake, ndipo alamu anangoti zii.

Mwala unagawika patatu, tinakankha zidutswa n'kuwakoka. Ndinkayesa afa. Dalaivala uja, Mulungu amudalitse kumene ali, sanafunse chilolezo kwa munthu, anangoti tiwakweze m'lole, tinawagoneka pa udzu mpaka kuchipatala. Bwana anatsala paphiri, ndipo amayi aja anandiuza pambuyo pake kuti ankayeza zidutswa zija ndi tepi.

Kuchipatala anawatumiza ku chachikulu m'tauni, kumeneko mwendo anadula pamwamba pa bondo. Ndinawafunsa adokotala kuti chimene chaononga mwendowu ndi kugwa kwa mwala, moto, kapena hamala yanga. Anati sangadziwe, zonse zinachitika pamalo amodzi, koma ndikanachedwa akanapsa kufika poipa. Mayi a kunyumba anatha mwezi osandiyang'ana kumaso. Bwana uja sanabwere ngakhale tsiku limodzi kudzazonda, koma lole ina inabwera Loweruka kudzatenga zidutswa zija, ndiye kwinakwake m'taunimo muli khonde limene anthu amapondapo ndi nsapato zawo osadziwa kuti pansi pake panapsa munthu.

Kumudzi kuno ena anayamba zoti phirilo lili ndi mizimu, akuti tinatentha malo osayenera. Zabodza! Mizimu yake iti? Mwala uja unagwa chifukwa tinauthira madzi uli wa moto, munthu n'kulowa kunsi kwake, basi. Amene analakwa ndi atatu: wolamula uja, alamu amene sanathe kunena kuti ayi, ndi ine amene ndinadziwa zonse koma n'kumaponya matayala. Alamu pano amasoka nsapato pansi pa mtengo pamsika, ndipo amati ndinawapulumutsa. Ine ndimakhulupirira kuti bondo lija linaphwanyidwa ndi nkhonya yachinayi ya hamala yanga, ndinalimva m'manja mwanga, ndipo palibe amene angandichotse zimenezo. Miyala ndimaswabe poti ana adya chiyani, koma hamala ikagunda pakati pa mwala waukulu ndimatseka maso.

Ndiye inu anzanga a m'mapiri a ku Nsaru, Namitete ndi konse kumene mukutentha matanthwe, ndimvereni. Mwala wa moto usiyeni masiku ake awiri, olo abwere ndi galimoto yonyezimira bwanji. Wina akati lowani kunsi muyale matayala, mupatseni tayalalo alowe yekha. Ndipo mnzanu wofatsa akayamba kutsika m'dzenje, musamuthandize kuti amalize msanga ngati mmene ndinachitira ine. Mugwireni, mugwetseni pansi, mumenyeni kumene ngati akukana. Bola akudeni ali ndi miyendo yake iwiri.